Anachotseranji chiberekero cha mayi akunyumba, pamene ena amangowamanga?

Funso

Adokotala, ndine bambo wa ku Area 36 muno mu Lilongwe. Mwezi watha mayi akunyumba anachira mwana wathu wachitatu pa opaleshoni, monganso anachitira ana awiri oyamba aja. Anatuluka ku fiyeta akuyankhula, mwana tinamuona, ine mpaka ndinayamba kuimbira foni abale kumudzi. Patangotha maola awiri anamwino anayamba kuthamangathamanga, akuti akutaya magazi, n'kuwabwezeranso ku fiyeta. Anandipatsa pepala, ndinasaina ndisanaliwerenge n'komwe. M'mawa mwake anandiuza kuti achotsa chiberekero, ndipo awaika mapaketi anayi a magazi. Apongozi anga akuti pamenepa alipo anadula polakwika ndiye akubisa. Mayi wina wa kumpingo kwathu akuti nayenso anataya magazi chonchi koma anangomumanga chiberekero, pano anaberekanso. Nanga kwa ife analekeranji kumanga? Kodi sanapupulume? Mayi akunyumba sakugona, akungoti iwo si mkazinso.

Yankho

Bambo, pepani kwambiri ndi zimene mwadutsamo, ndipo mundiperekere moni kwa mayi. Funso lanu lili ndi mutu, musalole wina akuuzeni kuti mungothokoza n'kukhala chete. Ndiyambe ndi mawu anu akuti kupupuluma, poti ndi amene akukusowetsani tulo. Pa ntchito yathu ino, imfa za amayi otaya magazi tikamaziunika pambuyo pake, kawirikawiri sitipeza dokotala amene anachotsa chiberekero msanga. Timapeza amene anachedwa. Anayesa ichi, nayesa icho, akuyembekeza kuti mwina magazi asiya, ndipo pamene ankaganiza zochotsa, mayi anali atapita kale patali. Ndionetsetse anathetsa nkhosa, anatero akale, ndipo m'fiyeta mwambiwu ndi woona kuposa kwina kulikonse.

Kuti mumvetse chifukwa chake, muyenera kudziwa kaye liwiro la magazi amenewa. Mayi wapakati potha miyezi amakhala ndi magazi okwana malita 5 kapena 6 m'thupi monse. Mwa magazi amenewa, oposa theka la lita amadutsa m'chiberekero mphindi iliyonse kukadyetsa mwana kudzera pa nsengwa. Botolo lija la madzi akumwa la 500ml, lodzaza, mphindi iliyonse. Nsengwa ikachoka, mitsempha yonse imene inkaithirira imatsala pakamwa pali yasa. Palibe amene amaisoka. Chimene chimaitseka ndi chiberekero chenichenicho: minofu yake ndi yolukanalukana ngati lichero, ndipo mitsempha imadutsa m'mipata ya malukidwewo. Chiberekero chikakungika, malukidwe aja amafinya mtsempha uliwonse ndipo magazi amaima. Ndiye chifukwa chake azamba amakonda kugwiragwira pamimba pa mayi amene wangochira. Akufuna amve chinthu cholimba gwa m'munsi mwa mchombo. Akamva chofewa ngati papaya lakupsa, amadziwa kuti mpopi ndi wotsekula. Werengani nokha: theka la lita pa mphindi, m'thupi muli malita 6.

Pa opaleshoni yobereketsa timayembekezera kuti mayi ataya magazi ndithu, koma akafika lita imodzi timati zapitirira. Zoyambitsa zake n'zinayi, ndipo ndikufuna muzisunge chifukwa yankho la funso lanu lagona pamenepa. Chofala kwambiri, pafupifupi amayi 7 mwa 10 otaya magazi, ndi chiberekero chimene chatopa, chakana kukungika. Zimachitika matenda akatenga nthawi yaitali, mwana akakhala wamkulu, akakhala mapasa, mayi akakhala kuti wabereka kambiri, kapena m'chiberekero mukalowa tizilombo nsupa itasweka kalekale. Chachiwiri ndi kung'ambika. Chachitatu ndi nsengwa, yotsalira kapena yomatirira. Chachinayi ndi magazi enieniwo kukana kuundana. Njira imene imathetsa chimodzi mwa izi ikhoza kukhala yopanda ntchito pa chinzake.

Tisanagwire singano timayamba ndi manja ndi mankhwala. Timatikita chiberekero, timaonetsetsa kuti paipi ya mkodzo ikuyenda chifukwa chikhodzodzo chodzaza chimalepheretsa chiberekero kukungika, timaika madilipi awiri, timatumiza magazi ku labu. Mankhwala oyamba ndi oxytocin, amene amathandiza chiberekero kukungika. Ali ndi vuto limodzi limene limatipweteka m'mayiko otentha: amafuna kukhala mufiriji, ndipo akakhalitsa pofunda amachepa mphamvu osasintha maonekedwe. Kenako pali misoprostol, mapiritsi oika kunsi kwa lilime, ndi ergometrine amene sitipereka kwa mayi wa BP yokwera. Palinso tranexamic acid, amene sakhudza chiberekero koma amateteza magazi oundana kuti asasungunuke. Kafukufuku wamkulu wotchedwa WOMAN, wa amayi oposa 20,000 m'mayiko 21, anasonyeza mu 2017 kuti mankhwalawa akaperekedwa pasanathe maola atatu mwana atabadwa, imfa zobwera ndi kutaya magazi zimatsika pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Akadutsa maola atatu phindu lija limatha. Mukuona kuti ngakhale mankhwala ali ndi wotchi yawo.

Tsopano tifike pa zimene anachitiridwa mayi wa kumpingo kwanu. Kumanga kumene akunenako kulipodi, ndipo ndi njira yabwino. Timaitcha B-Lynch, dzina la dokotala Christopher B-Lynch, mbadwa ya ku Sierra Leone amene ankagwira ntchito ku Milton Keynes ku England, ndipo anaifalitsa mu 1997. Amatenga ulusi wautali wolimba, wa mtundu umene umasungunuka wokha m'thupi, n'kuulowetsa m'munsi mwa bala la chiberekero, kuukweza pamwamba, kuutsitsa kumbuyo, kenako kubwerera mbali inayo. Ukamangidwa umaoneka ngati malamba a chikwama cha kumsana cha mwana wasukulu. Wothandizira amafinya chiberekero ndi manja awiri pamene dokotala akukoka ulusi, mofanana ndi mmene mayi amapondera mtolo wa nkhuni ndi bondo pomanga luzi. Ulusiwo ukugwira ntchito imene minofu yakana kugwira. Pali mitundu ina ya kamangidwe kameneka, ya Hayman ndi ya Cho, koma nzeru yake ndi yomweyo. Dokotala wozolowera amatha mphindi zochepa, ndipo amayi ambiri omangidwa chonchi amadzasambanso ndi kutenganso pakati.

Koma tisanamange timayesa kaye. Timachifinya chiberekero ndi manja, wina n'kusuzumira kumusi ngati magazi aima. Akaima, ulusi ugwira ntchito. Akapitirira kutuluka chiberekero chili chofinyidwa, kumanga n'kutaya nthawi, chifukwa magaziwo sakuchokera pamene ulusi ungafinye. B-Lynch ndi mankhwala a chiberekero chotopa basi. Sangatseke mtsempha wong'ambika m'mbali, sangachotse nsengwa yolowerera m'mnofu, ndipo sangaundanitse magazi amene asanduka madzi. Mayi wa kumpingo uja n'kutheka kuti vuto lake linali kutopa kwa chiberekero, ndipo linaonekera pomwepo mimba idakali yotsekula, iye adakali ndi mphamvu. Onsewa mukuti anataya magazi, koma dzina limodzi likhoza kubisa matenda awiri osiyana kutalitali.

Palinso njira yofinya kuchokera mkati. Timalowetsa chibaluni m'chiberekero n'kuchidzaza ndi madzi a dilipi mpaka chikanikize makoma. Chilipo chopangiratu chotchedwa Bakri, koma n'chodula. Dokotala wina wamkazi wa ku Dhaka ku Bangladesh, Sayeba Akhter, anaganiza zomangirira kondomu kunsonga kwa paipi ya mkodzo n'kuthiramo madzi okwana 250 mpaka 500ml. Mu 2003 analemba za amayi 23 amene anawathandiza motero ndipo onse magazi anaima. Ndimaikonda nkhaniyi chifukwa zipangizo zake zimapezeka ngakhale pachipatala chaching'ono cha kumudzi. Chibaluni chimasiyidwa mpaka tsiku limodzi kenako n'kumachiphwetsa pang'onopang'ono. Koma ngati magazi akutayikira m'mimba kudzera pabala, chibaluni chimangobisa vuto.

Zimenezi zikakanika timapita kukatseka kumene magazi akuchokera. Mitsempha iwiri ikuluikulu, wina kumanja wina kumanzere, imabweretsa pafupifupi magazi onse a chiberekero chapakati. Timaimanga ndi ulusi pamodzi ndi kamnofu ka chiberekero, njira imene O'Leary anaifotokoza mu 1966. Anthu amadabwa kuti chiberekero sichifa. Sichifa chifukwa chimalandiranso magazi kuchokera kumtunda, kumene kuli timatumba ta mazira, ndi kumusi, ndipo mitsempha yomangidwa ija imadzatsekukanso patapita nthawi. Pamenepa pamafunika maso, poti njira yotsitsa mkodzo kuchokera ku impso imadutsa kunsi kwa mtsempha womwewo, pamtunda wosakwana masentimita awiri kuchokera pa khomo la chiberekero. Ukatsika kwambiri ndi singano waimangira kumodzi. Kuseri kwake kuli mtsempha wina waukulu, mkati mwenimweni mwa chiuno, umene ena amaumanga. Ine pamenepa ndili ndi maganizo anga. Pansi pa mtsempha umenewo pagona unzake wopyapyala khungu, umene ukangoubowola wayambitsa vuto loposa limene unabwerera. Njirayi imatenga nthawi, imakanika kawirikawiri, ndipo ndi ya dokotala amene anaichitapo kambiri. Kwa mayi wa ana atatu amene BP yagwa, sindingataye nayo mphindi 20. Kumayiko olemera amathanso kutseka mitsempha polowetsa kachubu kudzera pamtsempha wa m'mphechepeche akuyang'ana pa makina, koma zimafuna wodwala amene akhoza kudikira, ndipo si njira imene tingaiwerengere pakati pa usiku kuno kwathu.

Mukamva ndikuzitchula motsatana chonchi mungaganize kuti ndi makwerero amene dokotala ayenera kuponda lililonse asanafike pamwamba. Ayi. Amene amalamula si mndandanda, ndi thupi la mayi. Munthu akataya magazi ambiri thupi limazizira, magazi amachita asidi, ndipo tizinthu timene timawaundanitsa timatha, tina tatayika, tina tasungunuka ndi madzi a dilipi amene tikuthira. Zitatuzi zimakokana: kuzizira kumalepheretsa kuundana, kusaundana kumaonjezera kutaya, kutaya kumaonjezera kuzizira. Ukafika pamenepo magazi amaoneka ngati madzi a chidede, ndipo paliponse pamene singano yabaya pamatuluka ena. Ndinaziona zimenezi, ndipo sindifuna kuzionanso. Pamenepo ngakhale uchotse chiberekero, magazi amangotuluka pamalo pamene wachichotsapo. Chimene chimatsala n'kuthinitsa nsalu zoyera m'chiuno, kutseka mimba mongoyembekezera, n'kudzatsekulanso patatha tsiku limodzi kapena awiri ngati mayi wapirira. Ndiye luso lenileni si kudziwa kusoka kokha. Ndi kudziwa kuti chiberekero uchichotse mayi asanafike pamenepo, magazi ake akadali ndi mphamvu youndana.

Pali zinthu ziwiri m'kalata yanu zimene zikundiuza kuti mayi anali pangozi yaikulu kuposa anzawo.

Choyamba, iyi inali opaleshoni yachitatu. Opaleshoni iliyonse imasiya chipsera m'munsi mwa chiberekero, ndipo chipsera si mnofu, sichikungika. Chikhodzodzo chimamatirira pamenepo, matumbo nthawi zina chimodzimodzi, moti kungofika pa chiberekero kumatenga nthawi. Choopsa kwambiri ndi nsengwa ikamera pa chipsera. Pamalo abwinobwino nsengwa imakhala pa kansalu kamene kamasendeka nayo pamodzi, ngati khoko la nthochi yakupsa. Pa chipsera kansalu kaja kamakhala koperewera, ndiye nsengwa imazika mizu m'mnofu weniweniwo, nthawi zina kubowoleza mpaka ku chikhodzodzo. Kafukufuku wa ku America wa mu 2006 anapeza kuti nsengwa ikakhala kumusi kutseka khomo, mwayi woti yamatirira ndi 3 pa 100 kwa mayi amene sanachitidwepo opaleshoni, 11 pa 100 kwa amene anachitidwapo kamodzi, ndi 40 pa 100 kwa amene anachitidwapo kawiri. Onani kudumpha kwake. Nsengwa yotere ukaikoka imang'ambika zidutswazidutswa, magazi n'kumatuluka pamalo pamene palibe mnofu woti ufinye. Padziko lonse, chithandizo chodalirika cha nsengwa yolowerera kwambiri ndi kuchotsa chiberekero, ngakhale ku London kapena ku Johannesburg.

Chachiwiri, anabwerera ku fiyeta kachiwiri. Mayi wobwezedwa sali ngati amene akuyamba kumene. Wataya kale magazi pa opaleshoni yoyamba, wataya ena pa maola awiri aja, ndipo ena amakhala atabisala m'mimba kapena m'chiberekero momwe, osaoneka pa chitenje. Amayi achitsikana matupi awo amabisa kwambiri: BP imatha kukhala bwinobwino mpaka atataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magazi awo, kenako n'kugwa kamodzin'kamodzi. Chimene chimayamba kuulula ndi kugunda kwa mtima. Ophunzira ndimawauza kuti nambala ya kugunda kwa mtima ikayandikira kapena kupitirira nambala yapamwamba ya BP, asadikire china. Ndiye dokotala amene anatsekula mimba kachiwiri usiku umenewo anayamba ndi ngongole. Mapaketi anayi amene mukunenawo akuchitira umboni. Paketi imodzi ndi pafupifupi 450ml, zimene munthu mmodzi amapereka, ndipo kuno sitiika magazi mwachisawawa.

Nkhani ya magaziyi imalowa m'chiganizo cha dokotala kuposa mmene anthu amaganizira. Magazi a m'zipatala zathu ambiri amachokera ku Malawi Blood Transfusion Service, imene inakhazikitsidwa mu 2003, ndipo ambiri opereka ndi ana asukulu. Sukulu zikatsekera, mafiriji amapepuka. Nthawi ya dzinja ana odwala malungo amafunanso magazi omwewo. Dokotala wa kumene kuli mapaketi 20 akudikira akhoza kuyesa njira zitatu zopulumutsa chiberekero. Amene wauzidwa ndi a ku labu kuti atsala awiri a gulu limenelo alibe ufulu umenewo, ndipo akachita ngati ali nawo ndiye kuti akutchova juga ndi moyo wa mkazi wa mwini. Kafukufuku wa m'mayiko 22 a mu Africa amene anatuluka mu 2019 anapeza kuti amayi oposa 5 mwa 1,000 amamwalira pambuyo pa opaleshoni yobereketsa, kuchulukitsa ka 50 poyerekeza ndi mayiko olemera, ndipo kutaya magazi ndiko kunali patsogolo pa zovuta zonse.

Nanga mawu a apongozi aja? Musawanyoze. Kung'ambika kumachitikadi pa opaleshoni, ndipo sindingakunamizeni kuti madokotala salakwitsa. Bala la chiberekero limadulidwa chopingasa kumusi, ndipo kumapeto kwake mbali zonse ziwiri ndi kumene kwagona mitsempha ikuluikulu ija. Mutu wa mwana ukakhala kuti walowa kwambiri m'chiuno, kapena mnofu ukakhala wopyapyala chifukwa cha zipsera, bala limatha kupitirira lokha potulutsa mwana n'kukafika pa mtsempha. Zimachitikira ngakhale akatswiri. Palinso nthawi imene ngodya ya bala sinasokedwe mokwanira, kapena kamtsempha kanali phee pamene BP inali yotsika ndi jakisoni wa pamsana, n'kudzayamba kutuluka BP itakwera ku wodi. China mwa izi ndi tsoka la opaleshoni, china ndi kuperewera kwa wosoka, ndipo zimasiyanitsidwa ndi zimene zinalembedwa m'fayilo. Muli ndi ufulu wozimva. Safunsa anadya phula. Pitani nawo mayi pa tsiku lawo lobwerera kuchipatala, mutenge buku lawo la kuchipatala, mupemphe kuonana ndi dokotala wamkulu wa amayi. Mufunse chimene chinayambitsa kutaya magazi, zimene anayesa asanachotse, ngati khomo la chiberekero analisiya, ngati timatumba ta mazira tilipo, ndiponso ngati chiberekerocho anachitumiza kokayeza, poti kuyezako ndiko kumatsimikiza za nsengwa yolowerera. Mukaona kuti sakukuyankhani bwino, zipatala za boma zili ndi ofesi yolandira madandaulo imene amaitcha ombudsman, ndipo palinso Medical Council of Malawi, bungwe loyang'anira madokotala. Apongoziwo ngati n'kotheka apite nawo, akamve ndi makutu awo. Nkhani yongowauza inu sadzaikhulupirira.

Za pepala lija, ndikuvomereza kuti pamenepa ife achipatala timaperewera. Munthu sangawerenge mkazi wake akukankhidwa pa tirole. Zinayenera kukambidwa kusikelo, miyezi isanakwane, kuti opaleshoni yachitatu ili ndi ngozi zotere, kuti mwina pangafunike magazi, mwina kuchotsa chiberekero. Mayi aliyense amene anachitidwapo opaleshoni ayenera kujambulidwa kuti aone pamene nsengwa yakhala, ndipo ikakhala kumusi pa chipsera akachirire kuchipatala chachikulu ngati ku Ethel Mutharika ku Kamuzu Central, tsiku lokonzeratu, masana, magazi ali pafupi. Ndikudziwa kuti kwa inu izi zabwera madzi atatayika kale, koma alipo akuwerenga amene ali ndi chipsera chimodzi kapena ziwiri. Omwewo ndiwapemphe kuti mwanamphepo asamuyandikire n'komwe. Mankhwala ofulumizitsa matenda pa chiberekero cha chipsera amaching'amba. Ndipo inu agadiyani amene mumagona pansi m'mawodi, ndinu maso athu. Mayi wochokera ku fiyeta akayamba ludzu losatha, kusakhazikika, thukuta lozizira, zikhatho kuyera, mimba kufufuma, kapena chitenje chikanyowa msangamsanga, musaope kudzutsa namwino ngakhale akukalipireni.

Kuchotsa chiberekero pa opaleshoni yobereketsa si njira yachilendo. Woyamba kuichita zinthu n'kuyenda bwino anali Edoardo Porro ku Pavia ku Italy mu 1876, nthawi imene pafupifupi mayi aliyense wong'ambidwa mimba ankamwalira, ndipo wodwala wakeyo anakhala ndi moyo pamodzi ndi mwana. Lero timachita mitundu iwiri. Pothamangitsana ndi nthawi timachotsa thupi la chiberekero n'kusiya khomo, chifukwa n'kwachangu ndipo njira za mkodzo sizikhala pangozi kwambiri. Koma magazi akamachokera kumusi kwenikweni, monga pa nsengwa yotseka khomo, timachotsa chonse. Kusiyana kwake kuli ndi ntchito kwa mayi. Ngati khomo lilipo, ayenera kupitiriza kukayezetsa khansa ya khomo la chiberekero monga mayi wina aliyense, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Ena amene khomo linatsala amaona timadontho ta magazi mwezi ndi mwezi, zimene si zoopsa.

Tsopano mawu a mayi aja, akuti iwo si mkazinso. Awa ndi amene andikhudza kuposa onse. Chiberekero ntchito yake ndi kusunga mwana ndi kutulutsa msambo. Ziwirizi zatha, ndipo sindikufuna kuzichepetsa, makamaka ngati munkafuna wina. Koma chimene chimapatsa mkazi thupi lachikazi, khungu lake, mawu ake, chilakolako chake, chinyezi chake, ndi timatumba ta mazira, ndipo pa opaleshoni ya mtundu uwu sitichotsa pokhapokha patakhala chifukwa china. Timatumbati timapitiriza kugwira ntchito mpaka pafupifupi msinkhu umene mayi akanasiyira kusamba. Zija amanena kuti mkazi wochotsedwa chiberekero amazizira, kapena kuti mkati mumatsala dzenje, n'zabodza. Njira ya abambo ili momwemo, kumtunda kwake n'kotsekedwa bwino. Za m'nyumba mudikire masabata osachepera asanu ndi limodzi, ndipo ayambe aonedwa kuchipatala kuti bala lapola. Mukadzayamba, muyambe modekha. Mawu amenewa akawamva kwa ine athandiza pang'ono. Akawamva kwa inu, mobwerezabwereza, ndi pamene adzagone tulo. Ndipo muwatchinjirize ku malilime a abale. Kusagona, kulira kosatha, kusafuna kudya kapena kusafuna mwana zikapitirira masabata awiri, amenewo ndi matenda ofuna chithandizo, si kufooka kwa chikhulupiriro. Munthu amene anasuzumira kumanda amatha kumalota fiyeta kwa miyezi.

Thupi nalo lili ndi ngongole yoti libweze. Mapaketi anayi aja anangowachotsa pangozi, sanabwezeretse zonse. Amwe mapiritsi oonjezera magazi kwa miyezi itatu osadukiza, ngakhale chimbudzi chide kapena chilimbe, ndipo asamwere tiyi chifukwa tiyi amalepheretsa ayironi kulowa m'thupi. Pa ndiwo muikepo chiwindi, nyama, usipa, nyemba, bonongwe ndi nkhwani. Zakumwa zofiira za m'botolo sizionjezera magazi, zimangofanana nawo mtundu. Asanyamule ndowa kapena kusinja kwa miyezi iwiri kapena itatu. Kutentha thupi, bala kutulutsa mafinya, zonunkha kumusi, kupweteka kwa m'nthiti cha kumsana, mwendo umodzi kutupa kapena kubanika, zimenezo n'zothamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Mkodzo ukamangotuluka wokha osaumva, ndiye kuti chikhodzodzo kapena njira ya mkodzo inakhudzidwa. Zimakonzeka, ndipo ku Bwaila kuli malo apadera othandiza amayi a vuto limeneli. Asabisale m'nyumba chifukwa cha manyazi.

Pali chinthu china chimene ambiri amachiphonya, ngakhale achipatala. Kunsi kwa ubongo kuli kachiwalo kakang'ono ngati nsawawa kamene kamalamula mkaka, msambo, chithokomiro ndi mphamvu za thupi. Pa nthawi ya pakati kamakula, ndipo BP ikagwa kwambiri chifukwa chotaya magazi kamatha kuwonongeka. Matendawa timawatcha Sheehan. Kwa amayi ena timawazindikira chifukwa msambo subwerera, koma kwa mayi akunyumba kwanu chizindikiro chimenecho palibe, poti msambo sudzabweranso ngakhale zonse zili bwino. Ndiye muyang'ane zina: mkaka wosatuluka chichokereni kuchipatala ngakhale mwana akuyamwa, kufooka kumene sikukutha miyezi ikupita, kumva kuzizira ena akumva kutentha, chizungulire poimirira, tsitsi la m'khwapa kuthothoka. Mukaona zimenezi mukanene kwa dokotala kuti anataya magazi ambiri pochira, ndipo mutchule dzina limeneli. Amayeza magazi, ndipo mankhwala ake ndi mapiritsi.